Fulemu yachitsulo ya Colnago Master: n'chifukwa chiyani anthu akuilimbiranabe?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji anthu amafunafunabe fulemu ya njinga ya Colnago Master ya m'ma 1980 pomwe masiku ano kuli mafulemu a kaboni opepuka, komanso ngati n'kwanzeru kugula imene mwaipezayo. Ndiyankha motalikirapo chifukwa njinga zimenezi ndimazikonda kwambiri.

Tisanamizane, pa kulemera chitsulo chinagonja kalekale. Fulemu yoteroyo payokha imalemera pafupifupi makilogalamu 2, pamene ya kaboni yamakono sifika n'kilogalamu imodzi. Chitsulo chinapambana komaliza mpikisano waukulu wa Tour de France mu 1994, pamene Miguel Indurain ankapalasa njinga ya Pinarello. Ngati cholinga chanu n'kusiya anzanu pachitunda pa mpikisano, ndalama yanuyo ipite kwina.

Koma taonani kumene fulemu imeneyi inachokera. Ernesto Colnago anayamba ntchito yake mu 1954 ku Cambiago, pafupi ndi Milan, ndipo kwa zaka zambiri anali makaniko wa matimu a mpikisano. Madandaulo a opalasa ankawamva yekha, madzulo atatsika panjinga ali wefuwefu. Ndi iye anapanga njinga imene Eddy Merckx anapalasa makilomita 49.431 pa ola limodzi ku Mexico City mu 1972. Mu 1982 Giuseppe Saronni anatenga ukatswiri wa dziko lonse ku Goodwood ali pa Colnago yofiira, ndipo posakhalitsa Master inatuluka. Mapaipi ake si obulungira bwino ayi: ali ndi mizere yolowa m'kati m'litali mwake, moti mutadula mungaone ngati nyenyezi. Anawakonza choncho ndi Gilberto Colombo, n'kupangidwa ndi kampani ya mapaipi ya Columbus, pofuna kuti fulemu isamapotoke munthu akaimirira n'kuponda mapedulo mwamphamvu. Mpaka lero kampani ya Colnago ikuipangabe Master. Njinga zingati zapangidwa zaka zoposa 40 popanda kusintha kwenikweni?

Chimene chimandikoka ine n'kayendedwe kake. Fulemu imeneyi anaipangira munthu wokhala pachishalo maola asanu kapena asanu ndi limodzi, lero, mawa ndi mkuja. Chitsulo chopyapyala chimapindika pang'ono n'kubwerera, ndiye kunjenjemera kwa msewu sikufika konse m'manja ndi m'msana. Mukaponda, mumamva ngati njinga ikukuyankhani. Potsetsereka ndiye pamene mungaidziwe bwino: mukaiika pakona imagwira mzere umene mwasankha, osagwedezeka, osakudzidzimutsani. Ena anena kuti kufewako kumachokera ku matayala ndi mpweya umene mwapopa, ndipo akunena zoona ndithu pa mbali yaikulu. Komabe muyeso wa mapaipi ndi kapendekedwe ka foloko n'zimene zimachititsa kuti njinga ikhazikike chotere, ndipo amisiri aja anazipeza pomvetsera akatswiri kwa zaka zambiri.

China n'chakuti imakonzeka. Mapaipi ake analowetsedwa m'timakapu tachitsulo, timene amati ma lug, n'kumatidwa ndi mkuwa wosungunula. Paipi imodzi ikawonongeka, mmisiri wodziwa amatenthetsa, n'kuichotsa, n'kuikapo ina. Ikapindika pang'ono imawongoleka. Zingwe za mabuleki ndi magiya zili poti dzanja lifika, bottom bracket (pamene pamazungulira mikono ya mapedulo) ndi yamazinga, paipi ya chishalo ndi ya mamilimita 27.2 yomwe imapezeka mosavuta. Kaboni nayo amaikonza, inde, koma mng'alu wake umatha kubisala m'kati osaoneka.

Tsopano pa imene mwaipezayo. Musanapereke ndalama, pititsani chala pansi pa paipi yapamwamba ndi yapansi, kumbuyo kwenikweni kwa khosi la njinga. Mukamva kakhwinya kapena kuona penti yosweka mozungulira, njingayo inawombapo chinthu chamaso, ndipo isiyeni. Yesani kumasula paipi ya chishalo, chifukwa ikamatirira ndi ntchito yowawa. Suzumirani m'kati ndi tochi: dzimbiri lapamwamba si vuto, koma limene ladya mpaka kusiya timaenje pafupi ndi bottom bracket ndi loopsa, poti mapaipiwa pakati pake safika ndi milimita imodzi yomwe. Samalaninso ndi zachinyengo, chifukwa zomata za dzina la Colnago aliyense angagule. Yeniyeni imadziwika ndi mapaipi amizere aja ndiponso kachizindikiro ka masamba atatu ka pa makadi, kosemedwa pachitsulo penipeni.

Dziwaninso kuti mazinga a bottom bracket ndi a Chitaliyana, mamilimita 70 m'lifupi, ndipo mbali ya kumanja imakonda kumasuka yokha ngati simunamange kwambiri. Ngati ndi yoyambirira, mpata wolowa wilo la kumbuyo ungakhale mamilimita 126, pamene mawilo a magiya ambiri amafuna 130. Mmisiri angaukuze bwinobwino. Matayala a mamilimita 25 amalowa, koma okulirapo muyambe mwayesa. Ngati mumalota zokapalasa L'Eroica, ulendo wa njinga zakale umene unayamba mu 1997 ku Gaiole in Chianti, kumeneko amafuna njinga za 1987 kapena m'mbuyo mwake, zosinthira magiya zili papaipi, ndiye musataye zipangizo zakale zimene yabwera nazo.

Koposa zonse, saizi. Ndaonapo anthu akugula fulemu yaikulu kwambiri chifukwa cha dzina, kenako n'kuipachika kukhoma msana utawawa. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa njinga imeneyi anaipangira msewu. Ikakhala yoona, yowongoka, ndipo ndi ya msinkhu wanu, ine ndikuti gulani, thirani mafuta oteteza dzimbiri m'kati mwa mapaipi, muyambe kupalasa. Tatumizani kuno zithunzi za pansi pa bottom bracket, za pakhosi ndi za foloko, mutiuzenso kutalika kwanu ndi kwa paipi ya fulemu ya pansi pa chishalo, tikuthandizeni kuona musanalipire.