Mafunso a Owerenga: Nowruz, Chaka Chatsopano Chodikira Dzuwa

Akonzi, ndinamva pa wailesi kuti ku Iran chaka chatsopano chimalowa mu Malichi, nthawi zina masana, nthawi zina mbandakucha. Zimatheka bwanji?

Zimatheka ndithu, chifukwa iwo sadikira 12 koloko ya usiku. Dzina la chikondwererochi, Nowruz, m'Chiperisiya, chilankhulo cha ku Iran, ndi "tsiku latsopano", ndipo chaka chimatembenuka pa mphindi imene dzuwa lafika pamwamba penipeni pa ikweta likulowera kumpoto, usana ndi usiku zitalingana. Kumeneko ndi pomwe chisanu chimatha, mitengo n'kuyamba kuphukira. Mphindiyo amaitcha sal tahvil, ndipo akatswiri a zakuthambo amaiwerengeratu mpaka sekondi. Imasuntha ndi maola pafupifupi 6 chaka ndi chaka: mu 2024 inagwa 6:36 m'mawa nthawi ya ku Tehran, likulu la Iran, mu 2025 inagwa 12:31 masana, onse pa 20 Malichi. Lamulo la kalendala yawo n'lakuti mphindiyo ikagwa dzuwa lisanafike paliwombo, tsiku lomwelo ndilo 1 Farvardin, loyamba la mwezi woyamba wa chaka. Ikagwa dzuwa litapendeka, loyamba ndi mawa lake. N'chifukwa chake chaka chawo cha 1404 chinayamba pa 21 Malichi 2025. Mphindiyo ikagwa 3 koloko usiku, ana amadzutsidwa, banja lonse n'kukhala pansi litavala zatsopano, kudikira.

Akonzi, ati mwambowu watha zaka 3,000. N'zoona? Anauyambitsa ndani?

Chiwerengero chimenecho chimatchulidwa kwambiri, ngakhale ndi United Nations, imene mu 2010 inavomereza 21 Malichi kukhala tsiku la Nowruz padziko lonse. Koma tisiyanitse nthano ndi umboni. Nthano ikuti mfumu Jamshid inanyamulidwa m'mwamba ili pa mpando wonyezimira ngati dzuwa, anthu n'kutcha tsikulo latsopano. Ndi mmene mlakatuli Ferdowsi analembera m'ndakatulo yake yaitali ya Shahnameh, imene anamaliza cha m'ma 1010. Mizu yogwirika ili m'chipembedzo chakale cha ku Iran, cha mneneri Zoroaster. Masiku omaliza a chaka anali a mizimu ya makolo, fravashi, imene ankakhulupirira kuti imabwera kudzacheza pakhomo. Ndiye ankasesa, kuyatsa moto padenga ndi kuikonzera chakudya. Dzina la mwezi wa Farvardin likuchokera pa mizimu yomweyo. Mpaka lero mabanja amachita khaneh tekani, "kukutumula nyumba", kuchapa makapeti ndi makatani onse, ndipo ambiri amakasesa kumanda Lachinayi lomaliza la chaka.

Ku Persepolis, mzinda wakale wa ku Iran umene mfumu Darius I inayamba kumanga cha m'ma 518 BC, kuli zosema za magulu 23 a anthu akubweretsa mphatso kwa mfumu. Ambiri amati chithunzicho ndi cha Nowruz, koma akatswiri ena amakana poti pamakomapo palibe polembedwa dzinalo. Umboni wosatsutsika umachuluka m'nthawi ya mafumu a fuko la Sasan, amene analamulira Iran kuyambira 224 mpaka 651.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Nowruz sinkagwa mu Malichi nthawi zonse. Kalendala yakale inali ya masiku 365 okha, osawonjezerapo tsiku, moti pa zaka zinayi zilizonse chikondwerero chinkabwerera m'mbuyo ndi tsiku limodzi. Zinaonekera pa msonkho. Olamulira a ku Baghdad ankatolera msonkho wa minda pa Nowruz, ndipo itayamba kugwa mbewu zisanache, alimi anadandaula, mpaka Khalifa al-Mu'tadid, wolamulira wa Asilamu, anasunthira tsiku la msonkho ku Juni m'ma 890. Vutoli linatha mu 1079, Sultani Malik Shah atasonkhanitsa akatswiri, mmodzi mwa iwo mlakatuli ndi katswiri wa masamu Omar Khayyam, ndipo iwo anamangirira chaka ku dzuwa lenilenilo. Aparsi ambiri, otsatira chipembedzo cha Zoroaster a ku India, amene anasunga kawerengedwe kakale kaja, amalowa chaka chawo mu Ogasiti.

Akonzi, ndinaona chithunzi cha tebulo la Nowruz lili ndi mbale ya udzu wobiriwira, adyo ndi kansomba m'botolo. Zimatanthauzanji, ndipo udzuwo amaumeretsa bwanji?

Tebulolo ndi haft sin, zinthu zisanu ndi ziwiri zoyamba ndi chilembo "s" cha Chiperisiya: sabzeh, mbewu zophukira, samanu, phala lotsekemera la chimera cha tirigu, senjed, kachipatso kouma ka mtengo wa kumeneko, sir, adyo, sib, apozi, somaq, ufa wowawasa wofiirira, ndi serkeh, viniga. Pambali amaikapo galasi, makandulo, mazira opaka utoto, ndalama zachitsulo, ndi buku, kaya Korani kaya ndakatulo za Hafez, malinga ndi banja. Matanthauzo amene anthu amapereka (adyo ndi mankhwala, viniga ndi kuleza mtima) amasiyana nyumba ndi nyumba, musawatenge ngati lamulo. Ndipotu kamndandanda ka "s" asanu ndi awiri si kakale kwenikweni. Mabuku akale sakatchula. Chakale ndi kumeretsa mbewuko. Mafumu a Sasan ankafesetsa mbewu zosiyanasiyana pamwamba pa zipilala 12 za njerwa zosawotcha, masiku 25 Nowruz isanafike, ndipo imene yamera bwino ankati ndiyo idzabereke chakacho.

Sabzeh amayamba kuikonza kutatsala milungu iwiri. Kapu imodzi ya tirigu wosakonola kapena mphodza zathunthu imakwana mbale yapakati. Zogawika pakati kapena zokonoledwa sizimera, zimangowola. Mbewuzo zimaviikidwa tsiku limodzi kapena awiri, madzi n'kumasinthidwa m'mawa ndi madzulo. Kenako amazikhetsa, kuzikulunga m'nsalu yonyowa masiku awiri kapena atatu, mpaka timizu toyera tituluke. Apo amaziyala pa mbale yafulati, kukhuthala kwake osapitirira masentimita awiri, kuzifunditsa nsalu yonyowa ndi kumawaza madzi kawiri pa tsiku. Mphukira zikafika sentimita imodzi kapena awiri, nsalu imachotsedwa ndipo mbale imaikidwa powala, koma osati padzuwa lotentha.

Zolakwika zake n'zodziwika. Madzi akadikha pansi pa mbale, mizu imachita chuku n'kuyamba kununkha chosasa. Ndiye mukathirira, pendeketsani mbale madzi otsala atayike. Mbewu zikaunjikana kwambiri, zapansi zimasowa mpweya. Zikasowa kuwala zimatalika zili zachikasu, ndipo mbale yosatembenuzidwa imapendekera kuwindo. Oyamba msanga nawo amanong'oneza bondo, chifukwa tirigu amatalika, n'kugwa tsiku lisanafike.

Samanu ndiye wovuta. Shuga salowamo. Chimera amachipera chisanabiriwire, kuchifinya m'madzi, madziwo n'kuwasakaniza ndi ufa wa tirigu. Chimeracho ndicho chimasandutsa ufa kukhala wotsekemera, ndipo mphika umatakasidwa maola ambiri, kawirikawiri usiku wonse. Chimera chikabiriwira, phala limawawa. Mthiko ukaima, limapserera. Ku Uzbekistan ndi Tajikistan, kumene amalitcha sumalak kapena sumanak, amaponya timiyala totsukidwa pansi pa mphika kuti lisamatirire.

Za kansomba kofiira, ife sitingakalimbikitse. Tambiri timafa m'masiku ochepa chifukwa cha botolo laling'ono ndi madzi a pampopi a klorini, ndipo mabanja ena tsopano amayandamitsa lalanje m'mbale ya madzi m'malo mwake.

Akonzi, ndinamvanso kuti amalumpha moto. Ndi mwambo wanji?

Ndi Chaharshanbe Suri, usiku wa Lachiwiri wotsogolera Lachitatu lomaliza la chaka. Amayatsa timoto ting'onoting'ono pamzere, wolumpha n'kumauza moto kuti chikasu chake, kutanthauza kufooka ndi matenda, chipite kwa motowo, kufiira kwa moto kubwere kwa iye. Timotito si timene timavulaza kwambiri. Makombola opanga okha ndi amene amadzaza zipatala usiku umenewo chaka ndi chaka.

Akonzi, chikondwererochi chimatha liti?

Patatha masiku 13. Chakudya choyamba cha chaka chatsopano ndi sabzi polo ba mahi, mpunga wa masamba onunkhira ndi nsomba. Kenako n'kuyenderana: achichepere ndi amene amayamba kupita kwa akuluakulu, akuluwo n'kudzabweza ulendo, ndipo ana amalandira eidi, ndalama zapepala zatsopano. Maofesi ku Iran amatseka masiku anayi, masukulu amatseka mpaka tsiku la 13. Tsiku limenelo ndi Sizdah Bedar, ndipo kukhala m'nyumba amati n'kuitana tsoka, choncho mabanja amakadyera kunja, m'mapaki ndi m'mbali mwa mitsinje. Osakwatiwa amamanga mfundo pa udzu n'kunena chokhumba chawo. Sabzeh ija, itayamba kale kuchita chikasu, amati yayamwa zoipa zonse za m'nyumba, ndipo amaiponya m'madzi oyenda, osati odikha.