Mabotolo a makandulo musataye, koma musasungiremo tiyi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chitakale, kuno ku Mulanje. Akuti mwana wawo amene ali ku Johannesburg akamabwera pa Khirisimasi amawatengera makandulo onunkhira aja okhala m'mabotolo agalasi. Pano mabotolo 7 angokhala pawindo, pansi pake patatsalira phula louma. Akufunsa kuti phulalo alichotse bwanji osaswa botolo, komanso ngati angasungiremo shuga ndi masamba a tiyi.

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa. Shuga ndi tiyi ayi. Mafuta onunkhiritsa kandulo amakakamira, makamaka mu labala wa chivindikiro, ndipo mabotolo ena amapakidwa utoto m'kati, poti sanawapangire chakudya. Tiyi naye sachedwa kutenga fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. Amene munasungapo paketi pafupi ndi sopo mukundimvetsa. Ife amene timadzuka n'kuona minda ya tiyi pakhomo, tisamwe tiyi womveka pefyumu.

Tsono za phula. Madzi otentha ndi amene amagwira ntchito, koma osati obwadamuka. Phula la makandulo limasungunuka kutentha kukafika cha m'ma digiri 60, ndiye mukaphula ketulo dikirani kaye mphindi zingapo. Botololo muliike pansalu, osati pasimenti, ndipo muyambe mwalitsukuluza ndi madzi ofunda. Izi ndikunena chifukwa zinandionekera. M'mawa wina mwezi wa June, chiperoni chitaphimba phiri lonse, ndinathira madzi owira m'botolo lozizira, ndipo ndinangomva kuti thee! Linali lobiriwira, lokongola kuposa onse amene ndinali nawo, mpaka lero limandiwawa.

Mukathira madzi, musadzaze mpaka pakamwa. Phula limapepuka kuposa madzi, choncho likasungunuka limakwera pamwamba. Lisiyeni usiku wonse. M'mawa mudzalipeza litauma ngati kambale, mungolikankha ndi chala n'kulitola. Kachitsulo kogwira chingwe kamene kali pansi mukachotse ndi supuni. Madziwo musathire mu sinki, phula limatseka mapaipi. Ngati muli ndi firiji ndipo magetsi sakuvuta, kuika botolo mozizira kwambiri muja kwa usiku umodzi kumagwiranso: phula limanyala n'kumatuka lokha. Mwaye wam'mbali umachoka ndi phulusa losefa bwino pakansalu konyowa, ndipo zomata za pepala lakunja zimagonja mukapakapo mafuta ophikira.

Akayera muchite nawo chiyani? Kwa ine, ubwino wa mabotolo amenewa kuno kwathu ndi chivindikiro. Mulanje ndi dera lachinyezi. Ndani sanakhwatchepo machesi mpaka bokosi kutha, magetsi atazima, mitu ikungonyenyeka? Botolo limodzi likhale la machesi, ndipo mudule mbali yokhwatchira ija muimate kunja kwa botolo.

Awiri kapena atatu akhale a mbewu zodzala, ndipo apa mpamene mtima wanga uli. Mbewu za mpiru, therere, maungu, ngakhale nandolo wochepa amene mwasankha pamtengo wobereka bwino, zambiri zimaonongeka m'mapepala amene timatsomeka kudenga. Muziumitse kwenikweni, nandolo mukamuluma azimveka kuti gwa. Mukatsekera mbewu yaiwisi m'galasi ichita nkhungu, ndiye musapupulume. Thiranimo kaphulusa pang'ono pothana ndi anankafumbwe, lembani dzina ndi chaka pakapepala, ndipo musunge pamthunzi, osati pawindo paja pamene akhala. Poti mbewuzi n'zodzala, kafungo kotsalira si vuto.

Lina ndi la singano, mabatani ndi mapini. Ofuna zokongoletsa angathire madzi m'botolo linanso n'kuikamo nsonga ya kholowa, imachita mizu yoyera yooneka bwino m'galasi. Kungoti madziwo muzisintha pakatha masiku atatu, tisaweterenso udzudzu pabalaza.

Timbale taphula tija musataye. Tisonkhanitseni pamodzi ndi zidutswa za makandulo wamba, muike m'chitini, chitinicho muchikhazike m'poto wa madzi pambaula. Chitini chisakhudze makala, chifukwa phula likatentha kwambiri limayaka, ndipo moto wake sazimitsa ndi madzi, amangouvundikira. Mangani chingwe cha thonje pakamtengo kopingasa pakamwa pa botolo kuti chilendewere pakati penipeni, kenako thirani pang'onopang'ono. Musankhe botolo lagalasi lokhuthala, lopanda mng'alu ngakhale waung'ono.

Mayi, mwati chivindikiro cha botolo limodzi chinasowa. Limenelo ndiye muumbiremo kandulo, poti silifuna chotsekera. Mukayatsa koyamba mundilemberenso, ndimve ngati chingwe chinaima pakati.