Musachotse Java 8 kuti muike 17, zonse ziwiri zitha kukhala mu laputopu imodzi

Achimwene a ku Luwinga, mwati NetBeans 8.2, pulogalamu yolemberamo code imene mukugwiritsa ntchito kusukulu, ikufuna Java 8, pomwe pulojekiti ya Spring Boot 3 (chida chopangira mapulogalamu a Java) imene mwapatsidwa ikukana kudzuka popanda Java 17, ndiye mukumachotsa imodzi n'kuika inzake mpaka bandulo kutha. Imani kaye pomwepo, musachotsenso kalikonse. Amene akuuzani mu ndemanga pamwambapa kuti mufomate laputopu musawamvere, laputopuyo ilibe mlandu.

JDK, kutanthauza phukusi la Java limene mumaika mu kompyuta, ndi foda basi. M'kati mwake muli kafoda kotchedwa bin, momwe mumakhala java, yoyendetsa pulogalamu, ndi javac, yomanga code. Mutha kusunga mafoda oterewa atatu kapena asanu osakangana. Nkhani yonse ili pa funso limodzi: mukalemba java, kapena Maven, chida chomangira mapulojekiti, akafuna kumanga yanu, akupita ku foda iti? Olozera njira alipo atatu, ndipo samverana: PATH (mndandanda wa mafoda amene kompyuta imafufuzamo mapulogalamu), JAVA_HOME (imene imaloza foda ya JDK), ndi zimene munasankha mu IDE (pulogalamu yolemberamo code, monga NetBeans). Pafupifupi mutu wonse umene anthu amadwala nawo pa nkhaniyi umachokera poti atatuwa akuloza kosiyana.

Yambani ndi uthenga umene mwajambulawo, wakuti class file version 61.0 pomwe Java yanu ikuzindikira mpaka 52.0. Pa nambala iliyonse chotsani 44. Ndiye 61 ndi Java 17, 52 ndi Java 8, mukadzaona 55 ndi 11, 65 ndi 21. Uthengawo ukungonena kuti code inamangidwa ndi 17 koma amene wabwera kudzaiyendetsa ndi 8. Java yatsopano imawerenga zimene inamanga yakale, koma yakale siingawerenge za yatsopano. Spring Boot 3 imafuna 17 kupita m'tsogolo, palibe chonyengerera. Nayo NetBeans 8.2 inapangidwa nthawi ya Java 8, ukaiika pa JDK yatsopano imatha kutseguka koma ukadina New Project sipachitika kanthu. Choncho zonse ziwiri mukuzifunadi.

Poti muli pa Windows, chitani chonchi. Pitani pa tsamba la Adoptium mukatenge Eclipse Temurin, 8 ndi 17, koma musankhe fayilo ya zip, osati installer. Ndi yaulere, ndipo siikufunsani kutsegula akaunti. Ya 17 imayandikira 200 MB, ndiye ikokeni kamodzi pamene pali intaneti yabwino, muisunge pa fulashi, anzanu a m'kalasi akopere pomwepo. Zip ubwino wake ndi umenewu: siikhudza china chilichonse mu kompyuta, mumangoimasula. Pangani foda C:\jdk, mumasulire zonse ziwiri m'menemo, musinthe mayina ataliatali aja akhale jdk8 ndi jdk17. Pewani mayina okhala ndi mipata, amasokoneza ma script ena.

Kenako tsegulani cmd, windo yolembamo malamulo ya Windows, mulembe where java. Mudzaona mndandanda wa malo onse amene Windows ikupezamo java, ndipo wapamwamba ndiye amene akugwira ntchito. PATH imayenda ngati minibasi pa depoti: imene ili kutsogolo kwa mzere ndiyo imadzaza, za kumbuyo zingodikira ngakhale zili zatsopano. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri. Installer ya Oracle imaika foda yotchedwa javapath kutsogolo kwa PATH, ndiye munthu umasintha JAVA_HOME bwinobwino, kulemba java -version n'kuona yakale yomwe ija. Chinanso, PATH ya System imawerengedwa isanawerengedwe ya User, kotero zimene mwaonjezera ku User zimakhala kumbuyo kwa mzere. Lowani mu Environment Variables, pangani JAVA_HOME ya System iloze C:\jdk\jdk17, muike %JAVA_HOME%\bin pamwamba penipeni pa PATH, mzere wa javapath muuchotse. JAVA_HOME isathere ndi bin. Mukatero tsekani cmd mutsegule ina, chifukwa yotsegula kale siiona zimene mwasinthazo.

Ine ndimasiya 17 ikhale ya tsiku ndi tsiku, 8 ndimaiitana pokhapokha ikafunika. Lembani kafayilo kotchedwa j8.bat kokhala ndi mizere iwiri iyi:

set JAVA_HOME=C:\jdk\jdk8
set PATH=%JAVA_HOME%\bin;%PATH%

Mukakayendetsa mu cmd, windo imeneyo yokha ndi imene imasanduka ya Java 8. Mukaitseka zonse zabwerera pa 17. Mutha kukhala ndi mawindo awiri pambalipambali, ina 8 ina 17. Mu PowerShell kafayiloka sikagwira chonchi, kumeneko mumalemba ndi $env:JAVA_HOME.

NetBeans yanuyo ili ndi njira yakeyake, siiyang'ana zimene mwachita mu cmd. Mu foda imene inaikidwa muli kafoda etc, m'menemo muli netbeans.conf. Pezani mzere wa netbeans_jdkhome muulozetse ku C:\jdk\jdk8, nkhani yatha. Chenjezo limodzi: ngati aphunzitsi akukupatsani ntchito za JavaFX, Temurin 8 ilibe JavaFX. JDK 8 ya Oracle inali nayo, ndipo Azul Zulu ndi Liberica ali ndi mitundu imene imabwera nayo, ndiye mutenge imeneyo. Kunena zoona, bwenzi kalasi yonse itasamukira ku Apache NetBeans yatsopano, imene pa Tools, Java Platforms imalola kulembetsa ma JDK angapo n'kusankha pa pulojekiti iliyonse. Koma amene amachonga ntchito yanu ndi aphunzitsi, osati ine, tsatirani zimene iwo akutsegulira.

Pulojekiti ya Spring Boot ija, musakhulupirire java -version yekha. Maven amayamba wayang'ana JAVA_HOME, amapita ku PATH pokhapokha JAVA_HOME ikasowa. Lembani mvn -v, adzakuuzani yekha Java imene akugwiritsa ntchito ndi foda yake. Mukakhala pa IDE ya IntelliJ, onani Project Structure pa SDK, chifukwa nayo imasunga chisankho chake. Ndi chifukwa chake pulojekiti imatha kuyenda mu IDE n'kukana mu cmd, kapena mosemphanitsa, munthu n'kumaganiza kuti walodzedwa.

Kwa anzathu a Ubuntu amene akuwerenga nawo: ma JDK amakhala mu /usr/lib/jvm, ndipo sudo update-alternatives --config java amakupatsani mndandanda woti musankhe. Kumbukirani kuti javac amasankhidwa payekha, komanso JAVA_HOME sasintha yekha. Ineyo pa Linux ndi Mac ndimakonda SDKMAN, chida choikira ndi kusinthira ma JDK. Mumalemba sdk list java kuona zimene zilipo, sdk install java ndi dzina lake, sdk use kusintha pa terminal imeneyo yokha, sdk default kusinthiratu. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi sdk env init, imene imalemba kafayilo ka .sdkmanrc mu foda ya pulojekiti. Mnzako akatenga pulojekitiyo kuchokera pa Git, alemba sdk env n'kukhala pa Java yomwe iwe uli. SDKMAN imalolanso kulembetsa JDK imene uli nayo kale poipatsa dzina ndi foda, osakokanso pa intaneti. Pa Windows imafuna WSL kapena Git Bash, zoyendetsera malamulo a Linux, ndiye kwa inu achimwene pakadali pano kafayilo ka bat kakukwanirani.

Wina wafunsa kuti bwanji osangoika yatsopano kwambiri n'kuiwala zonsezi. Java imatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mu Malichi ndi mu Seputembala, koma imene makampani amamangirapo ndi ija imasamalidwa kwa zaka zambiri, yotchedwa LTS: 8 ya 2014, 11 ya 2018, 17 ya 2021, 21 ya 2023, 25 ya 2025. Pulogalamu yakale siimangodumphira pa yatsopano. Java 11 inachotsa zinthu monga javax.xml.bind, ndiye code yodalira zimenezo imagwa pomwepo mpaka uzionjezere wekha mu pom.xml, fayilo imene Maven amawerenga. Gradle, chida china chomangira monga Maven, naye ali ndi malire ake: kuti ayende pa 17 amafunika 7.3 kapena kuposa, pa 21 amafunika 8.5. Amene mumapanga za Android, Android Gradle Plugin 8 imafuna 17, koma Android Studio imabwera ndi JDK yakeyake, ndiye yang'anani pa Gradle JDK mu Settings musanakoke ina.

Palinso njira yapakati ngati chimene mukufuna ndi chakuti code yanu idzayende pa kompyuta ya Java 8: javac wa 17 mukampatsa --release 8 amamanga zoti 8 iwerenge, ndipo amakukanizani kugwiritsa ntchito zinthu zimene 8 ilibe. Mu Maven ndi maven.compiler.release. Izi sizithandiza NetBeans 8.2 kudzuka, koma zimathandiza pa ntchito yokapereka kwa kasitomala amene kompyuta yake ya mu ofesi sinasinthidwe chiikireni.

Mukachita zonsezi zikakanabe, jambulani zimene zikutuluka pa where java, echo %JAVA_HOME% ndi mvn -v muponye pansipa, tione amene akuloza kolakwika. Fulashi ya Temurin 8, 17 ndi 21 ndili nayo, ndimapezeka ku Katoto, ndilembereni ku inbox ngati bandulo yatheratu.