Funsani Alangizi: Feteleza Ndikuthira, Koma Munda Sukuyankha

Funso: Ndili ndi munda wa ekala imodzi. Chaka chilichonse ndimathira thumba la NPK ndi la urea monga ndakhala ndikuchitira, koma zokolola zikungotsika. Mvula itadula mu February 2024, chimanga changa chinafota pasanathe masabata awiri, pomwe cha mnzanga wa m'malire chinapirira. Kodi feteleza wa masiku ano ndi wachabe? (Bambo wa ku Mchinji)

Yankho: Bambo, musanamuimbe mlandu feteleza, tengani khasu mukakumbe pambali pa phando limodzi mpaka masentimita 40. Muyang'ane mizu. Ikakhala kuti yatsika pang'ono kenako n'kukhotera m'mbali ngati yagunda thanthwe, vuto lanu ndi chidikhiro, nthaka yolimba ija imene imapangika pansi pa mizere. Khasu likamalekezera pamalo amodzimodzi zaka zambiri, kawirikawiri masentimita 15 mpaka 20, dothi la pansi pake limatsenderezeka, ndipo mapazi a opalira m'makwawa amaonjezera. Madzi a mvula sadutsa pamenepo. Amathamanga pamwamba n'kukokolola dothi labwino pamodzi ndi feteleza wanu. Ng'amba ikafika, mizu imakhala ili m'kadothi kochepa kamene kamauma m'masiku owerengeka, pomwe chinyezi chili pansi pomwe singafike.

Chidikhiro chimaswedwa ndi piki, osati khasu wamba. Kumbani kufika masentimita 30, makamaka mukangokolola, mu May kapena June, nthaka isanaume gwa. Ntchitoyi ndi yowawa msana, n'chifukwa chake timati yambani ndi kagawo kamodzi chaka chino, kena chaka chamawa. Mukaswa musapondepo chisawawa, mukhale ndi tinjira tokhazikika. Bungwe la Tiyeni, lomwe linayambira ku Mzuzu, limaphunzitsa zimenezi pogwiritsa ntchito mabedi a mita imodzi m'lifupi, odulira chitunda, okhala ndi ngalande zotseka kumapeto kuti madzi alowe pansi. Ngati mukupitiriza ndi mizere, ikani ngonyeka m'makwawa pa mamita awiri aliwonse, motalika kusafika pamwamba pa mzere, kuti mvula ikachuluka madzi asefukire m'khwawa m'malo moswa mzere.

Dothi lomwe mwakumbalo lifinyeni m'manja lili lonyowa pang'ono. Lachonde limakhala lodera, lonunkhira ngati pansi pa mtengo wa m'nkhalango, limagawika timibulu ting'onoting'ono, ndipo mumapezamo nyongolotsi. Lotopa limakhala lotuwa, likauma limangosanduka fumbi kapena chibuma. Chasowa m'dothi lotere ndi zowolerana, ndiye kuti masamba, mapesi ndi ndowe zimene zaola. Zimenezi ndizo zimasunga madzi ndi michere pafupi ndi mizu. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho, koma sabwezera zowolerana ngakhale pang'ono. Tikukhulupirira kuti mukakumba kwa mnzanu uja mupeza kuti kusiyana kwa minda yanu kwagona pamenepa.

Chinanso ndi asidi. Urea akamathiridwa zaka zambiri popanda manyowa amaonjezera asidi pang'onopang'ono, makamaka m'dothi lofiira la katondo ndi la mchenga. Muyeso wa pH, womwe umatsika asidi akamachuluka, ukatsika pansi pa 5.5, mizu imapinimbira ndipo fosifolasi wa mu NPK amamangika m'dothi, mbewu osamupeza. Izi sizioneka ndi maso. Tapani dothi malo khumi osiyana m'munda, kuchokera pamwamba mpaka masentimita 20, mulisakanize, mutengepo theka la kilogalamu, ndipo mlangizi wa m'dera lanu akuthandizeni kukayezetsa ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze. Laimu, amene amachepetsa asidi, musathire mwa mphekesera. Mlingo wake uchokere pa zotsatira, ndipo athiridwe mwezi umodzi kapena iwiri musanadzale.

Funso: Kugulu kwathu akuti manyowa a Mbeya amasandutsa thumba limodzi la feteleza kukhala matumba asanu. N'zoona? (Mayi wa ku Balaka)

Yankho: Matumba amakwanadi asanu, Mayi, koma mphamvu yake si ya matumba asanu a feteleza. Kapangidwe kofala n'kotere: makilogalamu 10 a feteleza, 10 a phulusa losefa, 20 a madeya, 20 a ndowe zouma zosinja, ndi madzi malita 5. Mumasakaniza mpaka mukafumbata zigwirane popanda kudontha madzi, n'kuika m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba, kusunga pamthunzi masiku 21, kenako kuyanika pamthunzi musanathire. Thumba likabooka kapena mukayanika padzuwa, fungo loboola mphuno limene mumamva ndi nayitirojeni wanu akuuluka, chifukwa phulusa likakumana ndi urea limamutulutsa ngati mpweya.

Tiwerengere limodzi. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Makilogalamu 10 amene amalowa m'thumba limodzi la Mbeya ali ndi 4.6 okha. Ndowe ndi madeya zimaonjezerapo ndithu, koma sizingatseke mpata wonsewo. Ubwino weniweni wa Mbeya ndi woti amalowetsa zowolerana pa phando ndi kuthandiza kuti feteleza wochepayo asakokoloke msanga. Kwa mlimi amene wapeza thumba limodzi lokha, ndi njira yabwino kwambiri ndipo timailimbikitsa. Koma musachepetse mlingo pa phando poganiza kuti ndi feteleza weniweni. Ngati muli ndi kompositi wa chimato kapena wa m'dzenje wopsa bwino, thiraninso manja awiri odzaza pa phando musanadzale.

Funso: Amati tisamatenthe mapesi, tiziphimbira. Ine ndinayesa, chimanga chinachita chikasu, ndipo ndikuopa chiswe. (Mlimi wa ku Ntchisi)

Yankho: Chikasucho chili ndi chifukwa chake. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa mapesi timafuna nayitirojeni, ndiye timayamba tabwereka wa m'dothi, mbewu n'kusowa kwa kanthawi. Zimachitika kwambiri mapesi akakwiriridwa m'dothi mochedwa, mvula ili pafupi. Agonekeni pamwamba mukangokolola, musakanize ndi masangwi a mtedza, soya kapena masamba a nandolo ndi gilisidiya, ndipo feteleza wokulitsa athiridwe pasanathe sabata mbewu itamera. Chaka chachiwiri ndi chachitatu vutoli limachepa.

Chiswe chimakonda zouma. M'munda wopanda kanthu chimalimbana ndi chimanga chanu chikayamba kukhwima, pomwe m'munda wophimbira nthawi zambiri chimatanganidwa ndi mapesi, ndipo timauna take timalowetsa madzi pansi. Adani enieni a mapesi ndi moto wa osaka mbewa ndi ziweto zotayirira m'chilimwe. Izi mlimi mmodzi sangathane nazo, pamafunika amfumu ndi mudzi wonse kumanga mfundo imodzi, komanso kulambula mphepete mwa munda. Chenjezo limodzi: ku dambo ndi m'dothi la makande lomwe limadikha madzi, kuphimbira kochindikala kumatha kuoletsa mizu chaka cha mvula yambiri. Kumeneko yalani mopyapyala.

Funso: Kaufiti wandilanda munda. Ndichite chiyani? (Gogo wa ku Kasungu)

Yankho: Agogo, kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndipo njere zake zimatha kukhala m'dothi zaka zoposa khumi. Muzuleni asanachite maluwa ofiira aja, mumutulutse m'munda ndi kumutentha, chifukwa mtengo umodzi umabala njere zikwi zambiri. Pamalo pomwe wachuluka musadzale chimanga, mapira kapena mawere zaka ziwiri kapena zitatu. Dzalani soya kapena mtedza wophatikiza ndi nandolo. Mbewu zimenezi zimapusitsa njere za kaufiti kuti zimere, koma kaufitiyo popeza sapeza muzu woti ayamwe amafa, ndipo masamba a nandolo akayoyoka amasiya chonde. Pobwerera ku chimanga, thirani manyowa okwanira pa phando, ndipo mitengo ya msangu yomwe yamera yokha m'mundamo muisiye, poti imayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo siphimba mbewu.