Musanapikule mafoni, funsani kaye za Android yomwe ili m'katimo

Achimwene, mwafunsa kuti geni yokapikula mafoni kunja imayenda bwanji, komanso ngati n'zoona kuti foni ikangoyaka ndiye kuti ndi katundu wabwino. Za ulendo weniweniwo sizichedwa kufotokoza. Mumapeza wogulitsa mopikulitsa, kaya ku Huaqiangbei mumzinda wa Shenzhen kapena ku Deira ku Dubai, mumagwirizana mtengo, akupatsani invoisi, ndipo pamalire mumaonetsa katundu yense kwa a kasitomu n'kulipira msonkho. Malamulo a msonkho amasiyana dziko ndi dziko ndipo amasinthasintha, choncho afunseni musananyamuke, osati makatoni ali kale patebulo pawo. Zimenezo munthu amazolowera msanga. Chimene chimamiza mpamba wa anthu ndi pulogalamu yoyendetsa foniyo, ndiye mundilole ndichedwepo pamenepa.

Ife oyamba kale tinaona mapulogalamu akufa katundu akadali m'manja mwa amalonda. Msika unali wa Nokia, ndipo mafoni ake apamwamba ankayendera Symbian. BlackBerry inali ndi yakeyake, anthu akuifera chifukwa cha BBM, pulogalamu yake yotumizirana mauthenga. Mu February 2011 Nokia inalengeza kuti ikusamukira ku Windows Phone ya Microsoft, ndipo Symbian inayamba kuzilala pomwepo, mafoni ake ali mbwee m'makatoni. Amene anaunjika poona kuti mtengo watsika anadzazindikira mochedwa chomwe unatsikira. WhatsApp inasiya Symbian ndi BlackBerry mu 2017, kenako Windows Phone kumapeto kwa 2019. Foni yoti WhatsApp sikulowa, ngakhale ikhale yosamatula, kasitomala amabwera nayo m'mawa mwake nkhope ili gwa.

Android inayamba ngati kampani yaing'ono yomwe Andy Rubin ndi anzake anakhazikitsa ku Palo Alto, California, mu 2003. Google inaigula mu 2005, ndipo foni yoyamba kuigwiritsa ntchito, HTC Dream, inatuluka mu 2008, ija ya kiyibodi yobisika pansi pa sikirini. Inapambana anzake chifukwa Google inalola wopanga mafoni aliyense kuitenga n'kuisintha mmene akufunira, pomwe iOS ya Apple ndi ya iPhone basi. N'chifukwa chake Samsung, Xiaomi, Oppo ndi Transsion, eni ake a Tecno, Infinix ndi itel, onse ali pa Android, koma aliyense anaikongoletsa mwake: One UI ya Samsung, HiOS ya Tecno, XOS ya Infinix ndi zina zotero. Kwa wamalonda, izi zikutanthauza kuti mafoni awiri olembedwa Android pakatoni akhoza kukhala katundu wosiyana kotheratu.

Mayina a mitundu yake musavutike kuwaloweza onse. Kuyambira Cupcake mu 2009 mpaka Pie mu 2018 ankaitchula mayina a zotsekemera motsata alifabeti, ndipo kuchokera pa Android 10 mu 2019 anangotsala ndi manambala. Pali itatu yokha yomwe inasintha geni yathu. KitKat ya 2013 inapangidwa kuti iziyenda ngakhale pafoni ya RAM ya 512MB, ndipo mafoni otchipa anachuluka. Android Go ya 2017 inapitiriza zomwezo pa mafoni ofooka. Ndi yabwino kwa wongofuna kuimba ndi kutumiza mauthenga, koma muuzeni zoona wogulayo, asayembekezere liwiro la foni yodula. Yachitatu ndi Lollipop 5.1 ya 2015, yomwe inabweretsa loko wotchedwa FRP, ndipo ameneyu ndi amene amaliza ogula mafoni ogwirapo kale ntchito.

Umu ndi mmene amagwirira. Munthu akafufuta foni ndi mabatani asanatulutsemo akaunti yake ya Google, foniyo imayaka bwinobwino, imakupatsani moni, mumasankha chilankhulo, mumalumikiza Wi-Fi, kenako imaima n'kufunsa imelo ndi pasiwedi ya mwini wake woyamba. Pamenepo zatha. Wogulitsa wochenjera amangoiyatsa mpaka pa moni paja, n'kuizimitsa msanga akunena kuti mwaona nokha ikugwira. Musavomere. Foni iliyonse muiyendetse mpaka ifike pasikirini ya mapulogalamu, ngakhale akuyang'aneni ndi diso lofiira kuti mukumuchedwetsa. Ku iPhone kuli loko wofanana naye, Activation Lock, kuyambira pa iOS 7 mu 2013, ndipo ameneyo ndi wouma kwambiri. Komanso foni yokhala ndi loko wotere nthawi zambiri imakhala ndi mwini wake amene akuilirabe kwinakwake, ndiye ine sindiikhudza n'komwe.

Chinanso chomwe ongoyamba kumene sadziwa n'chakuti Play Store, Gmail, YouTube ndi Maps sizili m'gulu la Android yaulere ija. Ndi katundu wa Google, ndipo wopanga foni amayenera kupeza chilolezo. Mafoni opangidwira msika wa ku China nthawi zambiri amabwera opanda zimenezi. Ena amawafulasha n'kuikamo pulogalamu ina kuti aoneke ngati opangidwira mayiko onse. Poyamba amayenda, koma pakapita nthawi pulogalamu ya banki imakana kutseguka, zosintha zatsopano sizifika, ndipo mlandu umagwera inu amene munalandira ndalama. Tsegulani Play Store, lowani mu Settings, pa About, muone ngati pa Play Protect certification palembedwa kuti foniyo ndi yovomerezeka. Zimatenga masekondi ochepa chabe.

Huawei ndi nkhani yakeyake. Mu May 2019 boma la America linailetsa kuchita malonda ndi makampani akumeneko popanda chilolezo, ndipo Mate 30 yomwe inatuluka chaka chomwecho inalibe mapulogalamu a Google. Kampaniyi inatulutsa HarmonyOS, ndipo mtundu wa HarmonyOS NEXT wa 2024 unasiyiratu kuyendetsa mapulogalamu a Android. Makamera ake ndi abwino, sindikana, koma muzipikula pokhapokha wogula wanena yekha kuti akudziwa chomwe akufuna.

Ndiye pali mafoni achinyengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa About phone pamalembedwa Android yatsopano ndi malo osungira ochuluka, koma pansi pake pali Android yakalekale yomwe anangoisintha nambala. Zolembedwazo musazikhulupirire. Koperani mavidiyo akuluakulu muone ngati akwanadi n'kuseweranso, ikani WhatsApp muone ngati ilola, chifukwa kuyambira mu October 2023 siilowa pa Android yochepera 5.0. Imbani *#06# mufananize IMEI, nambala yozindikiritsa foni iliyonse, yotuluka pasikirini ndi ya pakatoni. Ikanimo simukhadi yanu, poti mafoni ena anatsekeredwa ku netiweki ya dziko lomwe anagulidwa koyamba, ndipo ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambira pa 14 alibe n'komwe poika simukhadi, amadalira eSIM, simukhadi yomangidwira m'kati mwa foni.

Pa funso lanu lija loti ikangoyaka ndiye yabwino, mwaona kuti kuyaka n'kochepa. Chomwe wogula akulipira ndi zaka zomwe pulogalamuyo yatsala nazo. Google inalonjeza zaka 7 za zosintha pa Pixel 8 mu 2023, Samsung nayo zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024, pomwe mafoni ambiri otchipa amalandira kwa kanthawi kochepa, ena osalandira n'kamodzi komwe. Zakazo zimawerengedwa kuchokera pomwe mtunduwo unatuluka, kotero foni imakalamba ili m'katoni yosamatula. Yang'anani deti la security update (zosintha zachitetezo) mu Settings. Likakhala lakale kwambiri, mtengo utsike kapena isiyeni. Ulendo woyamba tengani ochepa, a mitundu iwiri kapena itatu yomwe mwaiyesa nokha, ndipo uzani wogulitsayo alembe IMEI ya foni iliyonse pa invoisi pamodzi ndi masiku omwe angalandire yobwezedwa. Akakana kulemba, pitani pakauntala ina.