Kodi ndi dzuwa limene limaphanitsa anthu?

Bambo wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo: "Kodi n'zoona kuti chiwawa chimachuluka m'maiko otentha? Nanga kumene anthu amagwadira akuluakulu, mtendere umakhalapo?"

Bambo, nyengo ili ndi mbali yake ndithu. Mu 2013 akatswiri atatu, Hsiang, Burke ndi Miguel, anaunika kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 60, napeza kuti dera likatentha kuposa masiku onse, ndewu zimawonjezekako. Miguel yemweyo anaona ku Tanzania kuti chaka cha chilala kapena cha mvula yowononga, agogo ophedwa powanamizira ufiti amachuluka kawiri. Pamenepotu vuto ndi nkhokwe yopanda kanthu, osati thukuta. Amene tinaona njala ya 2002 tikukumbukira zimene zinkamugwera munthu wogwidwa ndi mondokwa m'munda mwa eni.

Koma mukayamba kufanizira maiko, nkhani ya dzuwayi imatsimphina. Ku Singapore ndi ku Indonesia kumatentha chaka chonse, koma pa anthu 100,000 alionse wophedwa safika mmodzi pachaka. Ku Russia, kwa chisanu choposa cha June wa ku Dedza, anthu ankaphana koopsa m'zaka za m'ma 1990.

Tifuniranji zakutali? Imani pamsika wa Lizulu pomwepo. Tsidya lina la msewu ndi Mozambique: kuzizira komweko, mbatata ya kachewere yomweyo, Angoni omwewo. Komatu nkhondo inawasautsa mpaka 1992, ndipo anathawira kuno n'kudzaza midzi ya Ntcheu ndi Dedza. Mitambo inali imodzi, maboma ndiwo anali awiri.

Za kugwadira akuluakulu, ine ndimasiyanitsa zinthu ziwiri. Ku Japan wamng'ono amaweramira wamkulu mwina kuposa ife pamaso pa Inkosi Gomani, koma kuphana n'kosowa. Ku South Africa, kumene kusiyana kwa olemera ndi osauka kuli pakati pa koipitsitsa padziko lonse, mu 2023 ophedwa anaposa 40 pa anthu 100,000 alionse, pomwe ku Cape Town sikutentha ngati ku Nsanje. Choopsa si kukhala ndi wamkulu, koma kukhala pansi popanda kokadandaula. Mbuzi ikadya chimanga chanu mumapita kwa anyakwawa, mlandu nuweruzidwa pabwalo. Bwalolo likayamba kukondera wobwera ndi envelopu, m'pamene achinyamata amayamba kunola zikwanje, ngakhale mu July.