Seva ikukwawa masana: kodi swappiness ndiike pa 0?

FUNSO: Ndimayang'anira seva ya Ubuntu ku ofesi kwathu. Ili ndi RAM ya 8GB ndipo mumayenda database ya MySQL. Ikafika masana imayamba kukwawa. Ndikalemba free -h ndimaona kuti kwatsala 200MB yokha. Mnzanga akuti ndiike vm.swappiness pa 0, vuto litha. Nditero?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, dekhani kaye. 200MB imeneyo isakudetseni nkhawa. Linux safuna RAM izingokhala. Imasungamo mafayilo omwe yawerenga posachedwa, ndipo pulogalamu ikafuna malo imawachotsa pompo. Nambala yoti muziyang'ana ndi ya pansi pa available, osati free.

Mawa masana, ikangoyamba kukwawa, lembani vmstat 1 n'kuyang'ana mizere ya si ndi so, yomwe imaonetsa zomwe zikuchokera ndi kupita ku swap (malo a pa disiki omwe Linux imakankhirako zinthu za mu RAM). Zikakhala pa 0, swap ilibe mlandu, musaivutitse. Koma manambalawo akamangoyenda osaleka, ndiye kuti seva ikukankhira zinthu ku disiki n'kumazitenganso, ndipo disiki ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM.

Swappiness, nambala yomwe imauza Linux kuti izifulumira bwanji kugwiritsa ntchito swap, imabwera ili pa 60. Pa seva ya database ine ndimaitsitsa kufika pa 10. Pa 0 ayi. Ndinachitapo zimenezo zaka zapitazo, ndikudziona ngati katswiri. RAM itadzaza usiku, kernel (mtima wa Linux) inasowa kothawira, OOM killer (mbali ya kernel yomwe imapha pulogalamu RAM ikatha) inasankha pulogalamu yodya RAM yambiri n'kuipha. Inali MySQL. M'mawa mwake foni inali kulira ndisanasukusule n'komwe, ndipo mu dmesg, momwe mumaoneka mauthenga a kernel, ndinapeza mzere wa "Out of memory: Killed process".

Yesani ndi sysctl -w vm.swappiness=10, muone kwa masiku awiri atatu. Zikayenda, lembani vm.swappiness=10 m'fayilo ya mu /etc/sysctl.d/, apo ayi magetsi akangothima seva n'kuyakanso, mubwerera pa 60 osadziwa. Musinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mukasintha zisanu pamodzi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Koma kunena zoona, ine ndikukayikira MySQL yeniyeniyo. Onani innodb_buffer_pool_size, yomwe ndi kuchuluka kwa RAM imene MySQL imasungiramo deta kuti isamathamangire ku disiki. Imabwera ili pa 128MB, ndipo ambiri saikhudza. Pa seva ya 8GB imeneyo, MySQL ikhoza kukhala ikuthamangira ku disiki pafupipafupi RAM ili pomwepo. Ngati pa seva palinso webusaiti, yambani ndi 3GB, muyatsenso MySQL, kenako mundilembere zomwe vmstat ikuonetsa cha m'ma 2 koloko masana.